Munda Wosalima wa Namibia: Cuma ca m'Nyanja ya Mcere ndi Mabvuto Ace

Wolemba Mtola-nkhani Wathu

Amai ambiri a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi aidziwa nsomba ija yogulitsidwa m'mafiriji a m'masitolo iri gwa ngati mwala, imene ena amaicha makerele ndipo ena amati karapau. Iri ndi mnofu wambiri, sicedwa kupsa, ndipo pa miyezi imene nsomba za m'Luangwa zasowa ndiyo ipulumutsa nsima pa mabanja ambiri. Koma ndi owerengeka cabe amene anafunsapo kumene nsombayi icokera. Yambiri mwa iyo igwidwa m'nyanja yaikulu ya Atlantic, kufupi ndi gombe la dziko la Namibia, ndipo iyenda pa malole ulendo wa makilomita pafupifupi 2,000 kuti ifike ku Lusaka, isanayambe ulendo wina wodza kuno kum'mawa.

Dziko lathu liribe nyanja ya mcere. Cifukwa ca ici ena angaganize kuti nkhani ya cuma ca m'nyanja ndi ya eni ace okhala m'mbali mwa gombe. Koma ngati ndiwo za ana athu zicokera kumeneko, ndipo mkuwa wathu wina utulukira pa doko la kumeneko, tiyenera kudziwa m'mene anansi athuwo asamalira nyanja yao, zimene apindula nazo, ndiponso pamene anapunthwa.

Cipululu kumtunda, nkhokwe m'madzi

Gombe la Namibia ndi lotalika makilomita oposa 1,500, kuyambira pa mtsinje wa Orange kum'mwera kufikira pa mtsinje wa Kunene kumpoto. Mlendo wofika kumeneko aona mcenga wokhawokha wa cipululu ca Namib, kopanda munda ngakhale mtengo wa mthunzi. Mvula siigwa kwenikweni. Koma madzi amene agunda mcengawo ali pakati pa madzi olemera koposa pa dziko lonse lapansi.

Cimene cicititsa ndi mphepo. Mphepo ya kum'mwera iomba motsata gombe pafupifupi caka conse, nikankhira madzi a pamwamba kutali ndi mtunda. Pamalo pace pakwera madzi ozizira a pansi, amene anyamula manyowa a zinthu zonse zimene zinafa ndi kuolera pansi pa nyanja. Manyowawa akafika pamene pali dzuwa, pamera tizomera tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tizomerato tidyedwa ndi tizirombo ta m'madzi ndi nsomba zazing'ono, zazing'onozo zidyedwa ndi zazikulu, ndi mbalame, ndi nyama za m'nyanja. Akatswiri amacha madzi oyendawa Benguela, ndipo pamene akwera mwamphamvu koposa ndi kufupi ndi tauni ya Lüderitz. Mlimi angamve bwino tikanena kuti ndi dimba limene lidzithira lokha manyowa caka ndi caka, mwini wace osagwira khasu.

Nsomba zitatu ndizo zinachukitsa madzi amenewa. Yoyamba ndi pilchard, nsomba yaing'ono imene ambiri tinaidziwira m'zitini zokhala ndi msuzi wa matimati. Yaciwiri ndi hake, ya mnofu woyera, yokhala pansi pakuya, imene igulidwa pa mtengo wokwera ku Spain ndi maiko ena a ku Ulaya. Yacitatu ndiyo makerele wathu uja, nsomba ya anthu wamba, imene misika yace yaikulu iri m'Africa momwe muno: ku Zambia, ku Congo ndi ku Mozambique.

Zaka za cisawawa

Munda wopanda mwini sukhalitsa. Pamene Namibia anali m'manja mwa boma la atsamunda la South Africa, nyanja yace inasanduka ya ali yense. Mu 1966 bungwe la United Nations linalanda South Africa mphamvu yolamulira dzikolo, motero maiko ena sanalemekeze malire ali onse amene boma la ku Pretoria likanaika pa nyanja. Koma eni dziko nawo analibe boma lao loti liwalankhulire. Zombo zazikulu za ku Soviet Union, Spain ndi maiko ena zinadza m'magulumagulu, zina ziri ndi fakitale m'kati mwace, nizikhala pa nyanja miyezi yambiri zosakoceza pa doko.

Mu 1968 mokha anagwira pilchard wokwana matani pafupifupi 1.4 miliyoni. Wambiri sanadyedwe ndi anthu konse; anampera kukhala ufa wodyetsa nkhuku ndi nkhumba za maiko ena, ndi kumfinya mafuta. Mu 1972 hake wogwidwa anapitirira matani 800,000. Panali bungwe la maiko osodza kumeneko, lokhazikitsidwa ndi pangano la 1969, limene linkaika malire a kagwidwe ka nsomba, koma malirewo anali otakata kwambiri ndipo panalibe wowalonda. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 pilchard anali atatha, mafakitale ambiri a ku Walvis Bay anatseka, ndipo anchito anabwerera kumidzi ya kumpoto manja ali m'thumba.

Mlimi ali yense adziwa kusiyana kwa kudya cimanga ca m'nkhokwe ndi kudya mbeu. Zombo zija zinadya mbeu.

M'zaka zimenezo maiko a dziko lapansi anali kukambirana lamulo la nyanja, ndipo anasaina pangano lace pa 10 December 1982 ku Montego Bay, m'dziko la Jamaica. Panganoli lipatsa dziko liri lonse la m'mbali mwa nyanja ulamuliro pa nsomba ndi cuma conse ca m'madzi kufikira mamailosi a pa nyanja 200 kucokera pa gombe, ndiwo makilomita pafupifupi 370. Lipatsanso maiko opanda gombe, monga lathu lino, ufulu wopititsa katundu wao kunyanja kudzera m'maiko a anansi. Zambia anali mmodzi wa maiko oyambirira kulibvomereza, mu 1983. Namibia pa nthawiyo anali asanalandire ufulu, koma anamuimira ndi bungwe la United Nations loyang'anira za Namibia, limene wapampando wace m'zaka zimenezo anali mwana wa dziko lino, a Paul Lusaka. Acikulire akumbukiranso kuti mu 1976 mu Lusaka munatsegulidwa sukulu ya United Nations yophunzitsa a Namibia nchito za boma, ndipo mkulu wace anali a Hage Geingob, amene pambuyo pace anadzakhala mtsogoleri wa dziko lao.

Mwini munda afika

Namibia analandira ufulu pa 21 March 1990, ndipo limodzi la malamulo oyamba a nyumba yace ya malamulo linali lolengeza malire a mamailosi 200 aja. Zombo zacilendo zinauzidwa kuti zicoke. Zina zinayesa ngati ndi mau cabe a boma latsopano lopanda zombo za nkhondo. Mu November caka comweco akuluakulu a boma anatsikira pa zombo zisanu za ku Spain kucokera m'ndege ya helikopita, nazigwira ziri kuba hake, ndipo makhoti anazilanda. Zitagwidwanso zina caka cotsatira, mbiri inamveka m'madoko onse a ku Ulaya kuti mundawo tsopano uli ndi mwini.

Cimene cinatsatira ndico ciyenera kuphunziridwa. Boma silinathamangire kugwira nsomba zambiri kuti lipeze ndalama za msanga, ngakhale linali kuzifuna kwambiri. Mu 1991 linalola hake wa matani 60,000 okha, kacigawo kakang'ono ka zimene zinali kugwidwa kale, kuti nsomba ziyambe zaswana. Linakhazikitsa unduna wa za nsomba, ndipo mothandizidwa ndi dziko la Norway, limene linatumiza combo cofufuzira cochedwa Dr Fridtjof Nansen, akatswiri anayamba kuyesa kuculuka kwa nsomba caka ndi caka. Pa ciwerengero cimeneco ndi pamene nduna iika muyeso wa caka, nigawira makampani ali ndi cilolezo, yense gawo lace.

Malamulo ena ndi osabvuta kuwamva. Kukoka makoka a pansi m'madzi osafika mamita 200 kuya kwace nkoletsedwa, pakuti ndimo mukulira ana a nsomba. Maso a ukonde ali ndi muyeso wace. Pa zombo zazikulu pakwera munthu wa boma woona zimene zigwidwa, ndipo nsomba zitsitsidwa pa madoko awiri okha, Walvis Bay ndi Lüderitz, pamene ziyesedwa pa sikelo. Mwezi wa October usodzi wa hake uima, monga momwe ife kuno titsekera usodzi pa mitsinje ndi nyanja zambiri kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February.

Panalinso nzeru ina pa msonkho. Kampani ya eni dziko, yolemba nchito eni dziko, ndi yobweretsa nsomba kumtunda kuti zikonzedwe m'fakitale, inali kulipira msonkho wocepa kuposa combo cacilendo congouma nazo nsomba pa nyanja ndi kupita nazo kwao. Nsomba yosendedwa, yocotsedwa minga ndi kuikidwa m'mapaketi ilemba nchito manja ambiri, makamaka a akazi, ndipo igulidwa pa mtengo woposa. Mwa njira imeneyi usodzi unafika polemba nchito anthu oposa 15,000 m'dziko la anthu mamiliyoni atatu okha, nukhala pakati pa nchito zobweretsa ndalama zakunja zambiri pambuyo pa migodi. Mu 2020 usodzi wa hake wa ku Namibia unalandira cizindikilo ca bungwe la Marine Stewardship Council, cimene ogula a ku Ulaya ayang'ana pofuna kudziwa kuti nsomba inagwidwa mosaononga.

Codabwitsa ncakuti a Namibia eni ace ndi anthu a ng'ombe ndi mbuzi, ndipo ambiri sanazolowere kudya nsomba za m'nyanja. Boma lao linacita kukhazikitsa bungwe mu 2001 loti liziwagulitsa nsomba mochipa ndi kuwaphunzitsa kaphikidwe kace. Ife a kuno sitinafunikepo kutiphunzitsa zimenezo.

Imene sinabwerere

Hake anabwerera pang'onopang'ono, ngakhale sanafike pa kuculuka kwace kwa kale. Pilchard sanabwerere. Apa boma latsopano nalo liri ndi mlandu wace. Cifukwa coopa kutseka mafakitale a zitini ndi kucotsa anthu nchito, linapitiriza kulola usodzi wa pilchard zaka zambiri pamene akatswiri anali kucenjeza kuti yatsala ndi yocepa. Nyanja nayo inaonjeza tsoka: mu 1994 madzi a pansi anasowa mpweya, ndipo mu 1995 madzi ofunda ocokera ku Angola analowa kum'mwera, nsomba zambiri ndi nyama zodya nsombazo nizifa. Pomaliza, mu 2018, boma linaletsa kugwira pilchard kwa zaka zitatu, ndipo zakazo zitatha ciletso cinapitirizidwa. Fakitale ya zitini ya ku Walvis Bay inafika poitanitsa pilchard wa m'firiji kucokera ku Morocco kuti anchito ace asakhale manja lende, m'tauni imene kale inali kununkha nsomba yomweyo kucokera kutali.

Malo amene pilchard anasiya sanakhale opanda kanthu. Munadzala zamoyo zina zofewa ngati phala, zoyabwa zikakhudza khungu, zimene Azungu amati jellyfish. Sizidyedwa, zitseka maukonde, ndipo zidya mazira ndi ana a nsomba, kotero kuti nsomba zibvutika kubwereranso. Mbalame za m'nyanja zimene zinali kudalira pilchard zinacepa kwambiri pa zisumbu za m'mbali mwa gombe. Ndi monga munda umene kaufiti wamera: ngakhale mwini aleke kulima zaka zingapo, sikuti nthaka ibwerera yokha m'mene inaliri.

Mbala ya m'nyumba

Mbala yocokera kunja anaithamangitsa ndi helikopita. Yobvuta inapezeka m'nyumba momwe.

Mu November 2019 munthu wa ku Iceland, a Jóhannes Stefánsson, amene anali mkulu wa nchito za kampani ya Samherji ku Namibia, anaulula makalata oposa 30,000 kudzera ku bungwe la WikiLeaks. Iwo ananena kuti kampaniyo inali kupereka ndalama za ziphuphu kwa akuluakulu ena kuti ipatsidwe gawo lalikulu la makerele, nsomba yomwe ija ifika m'mbale zathu. Nduna ya za nsomba, a Bernhardt Esau, ndi nduna ya za malamulo, a Sacky Shanghala, anatula pansi maudindo ao mwezi womwewo, ndipo pambuyo pace anamangidwa pamodzi ndi anthu ena, kuphatikizapo akuluakulu a kampani ya boma ya nsomba yochedwa Fishcor. Oimbidwa mlanduwo anaukana, kampani ya ku Iceland nayo inakana kuti akuluakulu ace analamula zoipa, ndipo mlandu unakhala zaka zambiri ukukankhidwira kutsogolo m'makhoti. Mlanduwu unachedwa Fishrot, kunena kuti nsomba yaola.

Kuweruza ndi nchito ya khoti. Koma pali cinthu cimodzi cimene cioneka poyera kwa ali yense. Gawo la nsomba ndi pepala cabe losainidwa ndi nduna, koma pepalalo ndi ndalama zambirimbiri, pakuti wolilandira angathe kuligulitsa kwa mwini combo iye osanyowa ndi phazi lomwe. Lamulo litasinthidwa mu 2015 kuti nduna ikhale ndi mphamvu yopatsa kampani ya boma gawo lina m'dzina la nchito za citukuko, khomo linatseguka. Makampani amene gawo lao linadulidwa anaimika zombo, ndipo asodzi ambiri a ku Walvis Bay anataya nchito. Mkwiyo wa anthu unaoneka pa cisankho ca mwezi womwewo wa November: a Geingob, amene mu 2014 anapeza mavoti 87 pa 100 ali onse, anapeza 56 okha. Mu 2020 boma linayesa kugulitsa gawo lina poyera kwa wopereka mtengo woposa, koma pa ulendo woyambawo ambiri amene anapambana analephera kulipira.

Kwa wolemba uno, apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kuwerenga nsomba m'nyanja a Namibia anakudziwa, ndipo anakucita bwino kuposa maiko ambiri olemera. Cimene cinawabvuta ndi kuwerenga anthu amene alandira mapepala aja, ndi kuulula maina ao kuti mwini cuma, amene ndi munthu wamba, awadziwe.

Pansi pa nyanja palinso migodi

Nsomba si cuma cokha ca m'madzi amenewa. Kwa zaka zosawerengeka mtsinje wa Orange unali kukokolola miyala ya daimondi kucokera kumtunda ndi kuitaya m'nyanja. Kampani ya Debmarine, imene boma la Namibia ndi kampani ya De Beers agawana pakati ndi pakati, iri ndi zombo zoyamwa mcenga wa pansi pa nyanja pa kuya kwa mamita oposa 100, kusefa daimondi, ndi kubwezera mcengawo m'madzi. Combo cace cacikulu, Benguela Gem, cinayamba nchito mu 2022. Daimondi wambiri wa Namibia acokera m'nyanja, osati kumtunda. Ku Walvis Bay aumitsa madzi a m'nyanja pa dzuwa napanga mcere wogulitsa ku maiko ena. Ku Lüderitz aweta nkhono za m'nyanja zodyedwa m'mahotela ndipo ayamba kulima ndere zazikulu za m'madzi. Kumpoto kwa Swakopmund kuli makina, omangidwa mu 2010, osandutsa madzi a mcere kukhala abwino, othandiza migodi ndi matauni a m'cipululu.

Mkangano waukulu uli pa fosifeti, mwala umene apangira fetereza. Pansi pa nyanja, makilomita pafupifupi 120 kucokera ku Walvis Bay, pali fosifeti wambiri, ndipo kampani ina yakhala ikufuna kumukumba. Mlimi amene adziwa mtengo wa thumba la fetereza anganene kuti akumbe msanga. Koma kukumbako ndi kupala matope a pansi pa nyanja pafupi ndi pamene hake akhala ndi kuswana, ndipo palibe dziko limene linacitapo zimenezi pa muyeso waukulu kuti tione zotsatira zace. Mu 2013 boma linaimitsa nkhaniyi kwa miyezi 18. Mu 2016 cilolezo cinaperekedwa, anthu anacita phokoso, cilolezo cinaimitsidwa, ndipo mabungwe a eni makampani a nsomba anapita kukhoti. Mbali imodzi iwerenga nchito zatsopano zimene mgodi ungabweretse. Inzace iwerenga nchito zikwizikwi zimene ziripo kale ndipo zingakhalepo mpaka kale ngati nsomba zisungidwa. Fosifeti akakumbidwa watha, pamene hake aswana caka ndi caka.

Mu 2022 makampani a Shell ndi TotalEnergies analengeza kuti apeza mafuta pansi pa nyanja kum'mwera kwa dzikolo, kutali ndi gombe, m'madzi akuya makilomita awiri kapena atatu. Cimwemwe cinali cacikulu, koma mu January 2025 a Shell ananena kuti zitsime zimene anakumba sizinaoneke kuti zingabweze ndalama, pakuti mwala wace ndi wouma ndipo mafutawo ali ndi mpweya wambiri. Makampani ena anapitiriza kufufuza.

Khomo lathu la kumadzulo

Tsopano tibwerere kwathu. Amene anali akulu mu January 1973 akumbukira pamene boma la Ian Smith linatseka malire a Rhodesia, ndi m'mene katundu anasowera m'masitolo. Njanji ya ku Lobito inaima mu 1975 cifukwa ca nkhondo ya ku Angola, ndipo caka comweco njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, inafika pa Kapiri Mposhi kucokera ku Dar es Salaam. Kuyambira pamenepo dziko lino lidziwa kuti nyumba ya khomo limodzi ndi msampha.

Walvis Bay sinali m'manja mwa Namibia pa tsiku la ufulu. South Africa anaigwiritsa kufikira pa 1 March 1994, pamene anaibweza. Mu 2004 mlatho wa pa Zambezi pakati pa Sesheke ndi Katima Mulilo unatsegulidwa, ndipo malole analeka kudikira pantuni. Mu August 2019 a Namibia anatsegula gawo latsopano la doko, lomangidwa pa mahekitala 40 a nthaka yotengedwa pansi pa nyanja, ndi ngongole ya ku African Development Bank. Anapatulanso malo pa dokopo oti Zambia, Botswana ndi Zimbabwe azisungirapo katundu wao.

Njirayi iri ndi zobvuta zace. Palibe njanji yolumikiza maiko awiriwa; ya Namibia ithera ku Grootfontein, ndipo kucokera pamenepo zonse ziyenda pa mseu. Mseu wa pakati pa Sesheke ndi Kazungula unakhala zaka zambiri uli maenje okhaokha, ndipo lole ya firiji ikacedwa pa malire masiku awiri, mafuta oziziritsira nsomba alowa pa mtengo umene mai alipira pa sitolo. Kwa ife a kum'mawa kulinso doko la Nacala ku Mozambique, kudzera pa njanji ya Chipata ndi Mchinji imene inatsegulidwa mu 2010. Koma nsomba ziri kumadzulo. Malole amene atsikira ku Walvis Bay atasenza mkuwa wa ku Copperbelt ndi ku Congo apambana pa mseu ndi ena okwera ndi makatoni a makerele, ndipo muyeso wa caka umene nduna ya ku Windhoek iika pa nsombayi ukatsika, mtengo wace pa msika wa Kapata ku Chipata sucedwa kukwera.